Loweruka Lomaliza la Kanema wa Agogo

Lachiwiri lililonse m'mawa, bambo wosamalira maluwa panyumba imene ndimagwira ntchito kuno ku Al Warqa, mumzinda wa Dubai, amayatsa makina ake odulira kapinga, ndipo utsi wa petulo umalowa pawindo la kukhitchini n'kundipeza ndikutsuka mabotolo a mwana. Madamu amakuwa ali m'chipinda cham'mwamba kuti nditseke windolo. Ine ndimayamba ndazengereza kaye, chifukwa fungo limenelo ndi la agogo anga aamuna, a Jailosi: petulo wa kajenereta kawo, wosakanikirana ndi fungo la zitumbuwa zotentha ndi la fumbi lowazidwa madzi mu holo yawo ya kanema ku Chipoka.

Holoyo inali pafupi ndi siteshoni, nyumba yaitali ya malata adzimbiri, mawindo ake otchingidwa ndi masaka kuti dzuwa lisalowe. Mayi anga amati kale, sitima ya pamtunda ndi ya pamadzi zikafika tsiku limodzi, munthu sunkapeza poponda. Kunali malo ovinira, mabala okhala ndi bandi, nyumba zogona alendo, amalinyero ovala zoyera akugula chilichonse chimene aona. Ine zimenezo ndinangozimva. Pamene ndinkayamba kuzindikira, sitima zinkabwera mwa apo ndi apo, kenako zinangosiyiratu. Njanji inamera udzu, mbuzi n'kumagona pamene anthu ankadikirira sitima. Bala ina inasanduka tchalitchi, ina inagwa denga, ndipo anyamata anathera ku Lilongwe ndi ku Joni. Chosangalatsa chimene chinatsala m'tauni yonseyo anali agogo anga.

Loweruka ankadzuka kudakali mdima ngati munthu wokonza ukwati. Ankasesa okha, kuwaza madzi pansi, kundandalika mabenchi onse ngakhale aja othyoka miyendo, kenako n'kulemba pa bolodi ndi choko dzina la kanema wa tsikulo. Dzinalo ankalipeka okha, chifukwa Chingerezi chawo chinali cha padoko, chongokwanira kutukwanirana ndi amalinyero. Ikakwana 3 koloko masana ankamenya chitsulo cha gudumu la lole chimene chinkalendewera pamtengo wa mango, ngwee! ngwee! ngwee! mpaka agalu a kumsika kuyankha. Akatero ankakoka chingwe cha jenereta, kuvundukula nsalu pa wailesi ya kanema, kulowetsa tepi mu deki, n'kuima pambali ndi ndodo m'manja kuti atimasulire.

Kumasulira kwake kunali bodza lokhalokha, koma bodza lokoma. Mwamuna wa ku China akadumpha n'kukuwa, agogo ankati, "Akuti: iwe, mbuzi ya amalume anga unaipititsa kuti?" Mzungu akapsompsona mkazi, ankaphimba galasi ndi chipewa n'kunena kuti awiriwo akukambirana za fetereza. Tepi imodzimodziyo inkasintha nkhani sabata iliyonse, ndipo palibe ankadandaula.

Anali ndi lamulo limodzi limene sankaliphwanya: kanema sayamba popanda anthu atatu pabenchi, iwowo osawerengedwa. "Wina aseke, wina afunse, wina atsutse," ankatero. "Awiri amangogwirizana. Mmodzi ndiye akungoyang'ana khoma." Masiku a anthu ambiri lamulolo linali nthabwala chabe. Koma anthu anapitirira kuchepa, ena atagula mawailesi awo, ambiri atasamuka, mpaka tinatsala atatu enieni. Panali mayi Nachisale, amene ankagulitsa zitumbuwa pakhomo koma n'kumathera kudya okha. Panali a Mussa, amene anagwirapo ntchito m'sitima ya pamadzi, maso awo atachita ng'ala moti ankadalira pakamwa pa agogo. Wachitatu ndinali ine, Esinati. Agogo ankanditchula kuti akazi awo, monga amachitira agogo ndi zidzukulu, ndipo ndili wamng'ono ndinkanyadira zedi.

Nditafika zaka khumi ndi zitatu, kunyadako kunasanduka manyazi. Matepi onse ndinali nditawaloweza. Anzanga Loweruka ankapita kumsewu waukulu, kukakhala pakalavati n'kumaonerera mabasi odutsa, kuwerenga zolembedwa kumbuyo kwa maminibasi ndi kuseka zovala za apaulendo. Zosangalatsa za achinyamata a ku Chipoka zinali zimenezo basi: kuona anthu ena akupita kwina.

Nthawi yomweyo mwini nyumba ya holoyo anauza agogo kuti wapeza wamalonda wofuna kusungiramo matumba a chimanga, ndipo kanema atha mwezi umenewo ukatha. Ndinamva agogo akuuza mayi anga, koma sindinalabadire. Nkhani yoti holo itsekedwa inkamveka chaka chilichonse, ngati ya kubweranso kwa sitima.

Lachisanu lomaliza la mweziwo agogo anapalasa njinga kupita ku Salima, ulendo wotopetsa kwa munthu wa msinkhu wawo, ndipo anabwerako kutada. M'mawa mwake anandipeza ndikutsuka mbale kuseri kwa nyumba.

"Akazi anga," anatero, "lero musachedwe. Wamalonda uja abweretsa matumba ake 5 koloko. Tikayamba pa nthawi, timaliza."

"Ndamva, agogo."

Ndinamvadi. Koma masana anzanga anadzanditenga, ndipo ndinati ndingokhala nawo pang'ono. Tili pakalavati paja chitsulo chinalira, ngwee! ngwee! ngwee! Ndinadzuka, ndikukutumula siketi, ndipo mtsikana wina dzina lake Joyisi anaseka.

"Thamanga, amuna ako akuitana! Ukakhale ndi nkhalamba zinzako."

Onse anafa nacho chikhakhali. Ndinakhalanso pansi, n'kunena mokweza kuti ndani angapite kukaonera zinthu zakalekale. Patapita kanthawi chitsulo chinaliranso. Agogo sankamenya kawiri, chibadwire changa ndinali ndisanamvepo. Chinalira kachitatu, motalika, kenako zii. Mabasi anadutsa angapo, koma sindikukumbuka ngakhale imodzi. Mtima unkandiuza kuti ndinyamuke, miyendo ikuopa pakamwa pa Joyisi.

Pamene ndinkafika kuholo, lole ya chimanga inali itaima kale pakhomo, amuna awiri akutsitsa matumba. Jenereta inali yozizira. Wailesi inali chivundikirire ndi nsalu yake. A Mussa anali atakhalabe pabenchi yakutsogolo, ndodo pakati pa miyendo, nkhope italoza kumene ankadziwa kuti kuli galasi. Mayi Nachisale atandiona anaomba m'manja kamodzi.

"Mwana iwe! Tawapempha agogo akowa mpaka kukhosi kuuma. Tati yatsani, a Jailosi, lero ndi lomaliza, ife awiri tikwana. Akuti ayi, akazi anga akubwera."

Ndinkayembekezera kukalipiridwa, ndipo ndinkafuna kukalipiridwa. Agogo anangondiyang'ana, choko chikadali m'zala zawo, n'kunena kuti, "Mwabwera? Gwirani benchi uko, titulutse." Tinatulutsa mabenchi onse, iwo kutsogolo ine kumbuyo, uku matumba akulowa. Pomaliza anatenga a Mussa padzanja n'kuwaperekeza kwawo.

Lolemba m'mawa ndinawapeza akumangirira kaphukusi pakaliyala ya njinga. Inali tepi, chikuto chake chonyezimira, yosiyana ndi athu aja otuwa. Ndi imene anakabwereka ku Salima, ndipo ankayenera kukabweza tsiku limenelo.

"Ndi kanema wa chiyani, agogo?"

"Kaya," anatero, akukoka lamba wa mphira. "Sindinamuone. Ndimati tionere limodzi."

Anakwera njinga n'kumapita. Ndinalira tsiku limenelo mpaka mayi anaganiza kuti ndadwala malungo. Agogo anakhala zaka zina zingapo, akumakhala pakhonde kuyang'ana njanji, ndipo anapitiriza kunditchula akazi awo, koma za Loweruka lija sanazitchulepo ngakhale kamodzi. Ndinkati ndidzapepesa ndikadzakula, ndikadzapeza mawu oyenera. Anamwalira ndisanawapeze.

Tsopano ndili mumzinda wa m'mbali mwa nyanja umene suchepa zosangalatsa. Malo a kanema ali m'sitolo zikuluzikulu zonse, mipando yake yofewa kuposa matiresi anga. Ndimalowamo ndithu, nditanyamula zikwama za ana a madamu, ndipo ntchito yanga ndi kuyang'ana ana, osati galasi. Mwana wina akafuna kuchimbudzi, madamu amangoti, "Yalla, Esinati, fulumira," ine ndatuluka. Anthu amadzaza holo yonse koma palibe wofunsa, palibe wotsutsa, aliyense ali ndi foni yake. Sindinadziwe kuti munthu ungasungulumwe chonchi pakati pa magetsi ochuluka chotere. Ku Chipoka, mayi amandiuza pafoni, ngakhale chimanga chija chinachoka, holo ilibe chitseko, ndipo ana amakhalabe kumsewu kuonerera mabasi.

Mwezi watha, pagulu lathu la pafoni la amayi a ku Malawi ogwira ntchito m'nyumba, mtsikana wina wa ku Mangochi dzina lake Asiyatu analemba kuti wapatsidwa ofu koyamba chibwerere, ndipo akakhala m'mbali mwa madzi ku Bur Dubai masana ngati pali wofuna kucheza. Ambiri anawerenga, woyankha panalibe. Sindikuwaimba mlandu: ofu ndi tsiku lochapa zako, logona, loimbira ana kumudzi. Inenso ndinali pa ofu tsiku limenelo, koma miyendo inali itatupa, ndipo mtsikanayo sindinkamudziwa n'komwe. Ndinagona pabedi, ndinatembenuka kawiri, kenako ndinavala nsapato.

Ndinakwera basi, kenako metiro, sitima ya mumzinda, dzuwa likuwotcha ngati mbaula. Ndinamupeza atakhala yekha pabenchi, atavala mpango wake wabwino, akuyang'ana maboti owolotsa anthu. Pambali pake panali makapu awiri a tiyi wa mkaka.

"Ndinu Asiyatu?"

Anadzuka mofulumira mpaka kutsala pang'ono kutaya tiyi. "Asisi, mwabweradi? Mashallah! Ine ndimati khalas, basi zatha, palibe abwere." Anandipatsa kapu imodzi ndi manja awiri, maso ali pansi. "Pepani, wazizira. Ndinagula kalekale, ndimati mwina."

Ndinamwa wonse, wozizira choncho, ndipo sindinamuuze chifukwa chimene misozi inkagwera m'kapumo.