A Wailesi Atatchula Mayina

Loweruka, mwezi wa Julaye, ku Nangongwe.

Lero masana ndimachapa yunifomu kuseri kwa nyumba, iwe Lusiyano ukusewera ndi thovu pambali panga. Kwa a neba athu, Ba Mutinta, anayatsa vidiyo. Mfuti za m'filimu zinamveka kudutsa khoma, ndipo manja anga anaima okha m'madzi. Ndikulemba izi kuti udzawerenge ukadzakula. Iwe unabadwira kuno ku Kafue. Atate ukuwadziwa ngati munthu wofatsa, wochokera ku fakitale ya feteleza tsitsi lili mbuu.

Kwathu ku Tete, m'tauni yathu yaing'ono, kunali holo ya kanema. Inali ndi zitseko zobiriwira ndi nyenyezi ya mababu pamwamba pa khomo. Mababu atatu okha ndiwo ankayaka. M'kati munkanunkha mtedza wokazinga ndi palafini wopukutira mabenchi.

Mafilimu ankabwera m'zinenero zimene palibe ankazimva. Atate ankaima pambali pa chinsalu ndi maiki, n'kumamasulira. Kunena zoona, sankamasulira. Ankapeka. Msilikali wandevu ankamutcha Chatsalira. Kavalo ankamulankhulitsa. Mkazi akamalira, iwo ankati wapsereza ndiwo. Anthu ankawatcha a Wailesi, ndipo ena ankaonera filimu imodzi kanayi chifukwa nkhani inkasintha tsiku lililonse.

Anali ndi lamulo limodzi. Pa maiki sankatchula dzina la munthu wamoyo. Ankati kuseka wa pachinsalu n'kwaulere, kuseka mnansi ndi mlandu.

Loweruka limene tinathawa, masana, ndinakhala pansi pafupi ndi mapazi awo. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Amayi, ali ndi pakati pa iwe, ankagulitsa zitumbuwa pakhomo.

Filimu inali ya nkhondo. Pachinsalu amuna awiri ankamwa tiyi patebulo. Mfuti zinalira.

Atate anayang'ana chinsalu, kenako anayang'ana khoma. Filimuyo ankaidziwa yonse. Pa tiyi panalibe mfuti.

Amayi analowa mbale ili m'manja, n'kuwanong'oneza.

"Abale, nkhondo yalowa m'tauni," anatero atate. "Tulukani."

Holo yonse inaseka. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Auze, Wailesi, tiyi wawoyo azizira." Atate anabwereza, anthu n'kuseka koposa. Mayi wina ankapukuta misozi ndi chitenje.



Kenako atate anatsitsa mawu. Analankhula ndi mawu akunyumba, amene ankatiitanira kudzadya.

"Amake Rozina, berekani mwana, tulukirani khomo lakumbuyo. A Jasi, akazi anu ali kuchigayo, musadzere kumsika. Fernando, gwira dzanja la mng'ono wako."

Kuseka kunatha benchi ndi benchi. Atate anapitiriza kutchula mayina, mzere ndi mzere, osadumpha munthu. Anthu anatuluka mwakachetechete ngati akuchoka m'tchalitchi. Palibe anapondedwa.

Ife tinatuluka pomalizira. Pachinsalu amuna aja anali akadali patebulo. A Bento, mkulu woyendetsa makina m'kachipinda kapamwamba, anasuzumira pakabowo kawo. Anati atipeza, makina otentha sangosiyidwa.

Tinadutsa m'munda wa chinangwa kuseri kwa holo. Nsapato yanga imodzi inatsala m'ngalande. Inayo ndinaivula ndekha.

Tinayenda masiku asanu. Tinkadya zitumbuwa za m'mbale ija, theka theka, mpaka zinauma ngati miyala. Amayi ankapuma pansi pa mtengo uliwonse waukulu. Atate sankalankhula. Tsiku lachitatu anatulutsa maiki m'thumba la jekete. Sindinadziwe kuti anaitenga. Pamudzi wina anaisinthanitsa ndi kambale ka ufa, ndipo mwini ufa ankaiona ngati tochi.

Tinawoloka malire chakufupi ndi Katete m'mawa wozizira. Mayi wina wosatidziwa anandipatsa madzi m'chikho n'kundifunsa dzina. Ndinangomwa madziwo. Iye anandichotsa zisoso m'tsitsi, chimodzi chimodzi. Patapita milungu ingapo tinafika kuno kwa azakhali, poyamba palole kenako pasitima. Iwe unabadwa mvula isanayambe.

Amake Rozina tinawapeza kumalire, ana onse ali nawo. A Jasi anakumana ndi akazi awo panjira. A Bento palibe anawaonanso. Munthu wina wochokera kwathu anatiuza kuti holo ilibenso denga, ndipo pamene panali chinsalu pamera mpapaya.

Kuno tili bwino. Ndili giredi seveni. Mpopi uli pafupi, amayi ali ndi tebulo lawo kumsika, ndipo iwe umakonda kupita kusiteshoni kukabayibitsa sitima. Anzanga asiya kundiseka ndikanena mawu akwathu.

Lero nditayanika yunifomu, ndinapeza atate ataima kumpanda, akuyang'ana pawindo la Ba Mutinta. Ana a m'komboni anali atadzaza pansi, pakamwa yasa, osamva kanthu. Ba Mutinta anawaona atate.

"Ba neba, ngenani mukhale, mwaimilila monga kapokola wa ku polisi. Naise sitimvela vamene bakamba aba, titamba vithunzi chabe."

Atate anamwetulira, anathokoza, n'kubwerera. Koma asanatembenuke ndinaona milomo yawo ikuyenda. Pa vidiyo panali munthu wonenepa akuthamangitsa galu. Ndikukhulupirira kuti galuyo anali atapatsidwa kale dzina.

Kuno palibe amadziwa kuti iwo ndi a Wailesi. Ine sindinauzepo munthu, ngakhale mnzanga wa padesiki. M'kalasi aphunzitsi amachita kuwerama kuti amve yankho langa.

Mawa tikachoka kutchalitchi ndiwagwira dzanja tikalowe kwa Ba Mutinta. Filimu ikayamba ndifunsa mokweza, onse amve: "Atate, akuti chiyani uyo?"