Tsiku Limene Achimwene Anandibetcha

Dzulo, muno mu Al Mankhool, kuno kunja kwa dziko lathu komwe ndimagwira ntchito, madamu amene ndimawalerera ana anandionetsa vidiyo ya ngamira ziwiri zikulimbana ku Turkey, komwe akufuna tipite pa holide. "Yalla, tabwera, taona alendo adzaza bwalo!" anatero. Ine ndinangoona thovu kukamwa kwa ngamirazo.

Thovu lotero ndinaliona kudambo kwathu ku Mchinji ndili kamtsikana. Achimwene anga ankadyetsa ng'ombe, ndipo iwo ndi anzawo ankakonda kumenyanitsa nkhunzi. Tsiku lina mnzawo wa kutsidya anafunsa kuti, "Yanu ikathawa mutipatsa chiyani?"

"Mutenge mlongo wangayu," anatero achimwene akundiloza. Onse anaseka. Ine sindinaseke.

Nyanga zinagundana, fumbi n'kundilowa m'mano. Nkhunzi yathu inayamba kubwerera m'mbuyo, thovu likuchucha. Ndinkangoganiza kuti kutsidyako ndikagona pati, nanga amayi akawauza ndani. Ndinafumbata nthambi yaminga osamva kuwawa. Kenaka nkhunzi inayo inatembenuka n'kuthawa.

"Ukulira chiyani iwe? Tapambana!" anakuwa achimwene.

Tinapambanadi. Koma patapita zaka, ng'ombe zitatha m'khola, achimwene omwewo ndi amene anandiperekeza kubwalo la ndege kuti ndidzagwire ntchito kuno, ndipo tsiku limenelo palibe anaseka.