Gulu Lomaliza M'minibasi ya ku Nancholi

Mboni zanga ndi zitatu, ndipo zonse zili moyo, chinthu chofunika kwambiri pa nkhani ino. Oyamba ndi akazi anga, amene anasita suti. Wachiwiri ndi kondakitala wa minibasi ya ku Nancholi. Achitatu ndi mayi ogulitsa nthochi pa siteji ya ku Sunnyside. Kawafunseni. Ine sindinama, ndinabatizidwa kawiri, ku mipingo iwiri yosiyana.

Nthawi imeneyo ndinali nditalowerera ndi kasewero ka pafoni kobwera m'mawa uliwonse. Amakupatsa mawu sikisitini, iwe uwagawe m'magulu anayi a mawu ogwirizana. Kuofesi kwathu ku Mandala anzanga tiyi ankawazizirira akuganiza. Ine tsiku lina ndinamaliza foni isanathe n'kuyaka komwe.

Njira zake n'zochepa. Gulu limene waliona msanga usalikhulupirire. Mawuwo uziwasakaniza kuti maso asazolowere. Ukapeza asanu oyenera gulu limodzi, dziwa kuti limodzi ndi la kwina. Gulu lomaliza usavutike nalo: otsalawo amasonkhana okha, ngakhale usadziwe chowagwirizanitsa.

Choipa n'chakuti m'minibasi timakhala folofolo, anthu anayi pamzere, mizere inayi. Ndinayamba kugawa anthu.

Lolemba lina zovala zanga zonse zinali zosauma, ndiye akazi anga ananditulutsira suti yaukwati. Ndinakwera, n'kuyamba ntchito yanga. Anayi a kuchipatala anaoneka msanga, anali ndi mafulasiki ndi mabulangete. Anayi a maofesi, zingwe zamakadi m'khosi. Anayi okaoda katundu ku Limbe, matumba opanda kanthu atawapinda pamiyendo. Otsala anali atatu a mpando wakumbuyo: bambo okalamba a suti yakuda, mayi ovala zoyera za kutchalitchi, ndi mwamuna wina wa tayi yomangidwa ndi munthu wina. Wachinayi ndinali ine.

Ndinafufuza chotigwirizanitsa. Tonse tinali titatchena kuposa tsikulo. Atatuwo manja anali pachifuwa, maso kutsogolo. Minibasi ikagwa m'dzenje, ife tonse tinkadumpha, iwo ayi. Kumbuyoko kunkamveka fungo la matabwa ongopala kumene, ndiponso kunkazizira, chonsecho unali mwezi wa Okutobala.

Kondakitala anatolera mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu, n'kukhala pansi. Kondakitala wa mu Blantyre kuiwala mzere wathunthu! Ndinatukula dzanja, ndinatsokomola, ndinamutchula bwana. Ankayang'ana pawindo lakumbuyo kudzera mwa ine.

Bambo okalamba aja anatembenuka pang'onopang'ono, n'kundikonza kolala ndi zala zozizira ngati botolo la m'firiji.

“Akuchapirani bwino, achimwene,” anatero. “Musadandaule, sipatali.”

Ndinazindikira gulu langa, ndipo sindinalifune. Ndinapempha Mulungu mawu achisanu oyenera gululi.

Pa Sunnyside minibasi inaima popanda woiimitsa. Panali mkulu wina wa suti yaimvi, nsapato zonyezimira zosapondapo fumbi, manja pachifuwa. Kondakitala anatsegula chitseko, sanaitanire, sanamuyang'ane. Asanu oyenera gulu limodzi. Ndinakwawa pamwamba pa mafulasiki ndi matumba, n'kuuza mkuluyo kuti malo ake ndamufunditsira. Anadutsa osandikhudza, n'kukakhala pakati pa anzake ngati pomwe anamuyeza.

Phazi langa litangogunda pansi, kondakitala anandigwira jekete.

“Madala, mwachokera kuti? Simunalipire inu.”

Sindinakondwerepo ndi mawu a munthu ngati tsiku limenelo. Mayi a nthochi akuti ndinamukumbatira. Kondakitala akuti ndinalira. Akuti mpando wakumbuyo unali wopanda munthu kuchokera ku Nancholi, ndipo anthu ankaukana okha osanena chifukwa.

Kasewero kaja ndimaseweretsabe, koma ndikafika pa gulu lomaliza ndimazimitsa foni. Suti ija akazi anga akufuna tiisunge, akuti idzagwira ntchito tsiku lina. Ndinaipereka kwa telala wa ku Limbe, anasokamo makabudula a ana.