Danwell, wowotchelela ngolo ku Kapichila

Tsiku limene Danwell anatuluka m'ndende palibe anabwela kudzamulandila. Anali ndi zaka 21. Anakhalamo chaka ndi miyezi iwili chifukwa choba matumba atatu a feteleza pa famu ya fodya pomwe ankagwila ganyu. Mlanduwo sanaukane.

Kwawo ku Kapichila achibale anamuuza kuti pakhomo palibe malo ake. Anapita ku boma n'kuyamba kunyamula katundu pa Msika wa Lundazi. Omudziwa akamuona ankafungatila zikwama zawo.

Kumeneko ndi kumene anakumana ndi Amai Linah, mphunzitsi wopuma pantchito. Iwo ndi anzawo a m'mipingo yosiyanasiyana ankayendetsa kabungwe kotchedwa Tiwuke, kopezela achinyamata osowa pogwila malo ophunzilako ntchito zamanja. Ofesi analibe, ankakumana pakhonde la tchalitchi Loweluka lililonse.

Amai Linah anamutengela kwa Ba Esau, wowotchelela zitsulo. Ba Esau anakana.

"Amai, pano pali galainda, pali mawaya. Ndiziyang'ana ntchito kapena ndiziyang'ana iyeyu?"

Anapitakonso, n'kukanidwanso. Ulendo wachitatu Danwell analankhula yekha.

"Ndinaba, bambo, n'zoona. Muzindisecha poweluka tsiku lililonse. Sindidzadandaula."

Ba Esau anavomela, ndipo anamusechadi miyezi inayi, anzake apantchito akuonelela. Kenako tsiku lina anangosiya kumusecha.

Ntchito sinamulowe msanga. Maso ankatupa ndi kuthwanima kwa moto. Ngolo yoyamba imene anawotchelela yekha inathyoka itasenza chimanga panjila ya ku Chikomeni, ndipo mwini wake anabwela akukalipa. Danwell anaganiza kuti kwake kwatha. Ba Esau anangomuonetsa pomwe chitsulo sichinagwilane.

"Wathamanga. Dula, uyambilenso."

Mayeso a ntchitoyo analephela koyamba chifukwa kuwelenga kunkamuvuta. Amai Linah anakhala naye pakhonde lija masabata ambili, akumuphunzitsa zilembo ndi manambala ngati mwana wa giledi 3. Chaka chotsatila anakhoza.

A Tiwuke anamupezela makina owotchelela akale ndi kajeneleta. Danwell anasankha kubwelela ku Kapichila, chifukwa alimi akumeneko ankayenda mtunda wautali kuti akakonzetse pulawo kapena ngolo. Lelo ali ndi chisakasa chake m'mbali mwa msewu. Mvula ikayandikila, mapulawo amakhala pamzele kuyambila m'mawa, ndipo ena amabwezedwa kuti abwele mawa.

Si onse amene anaiwala. Alipo amene mpaka pano salola kusiya njinga yawo osaiyang'anila. Danwell amawakonzela, amati yewo powathokoza, amatenga ntchito ina.

Inu amene mukuwelenga, mwina munalakwadi ndipo mudzi wonse ukudziwa. Musabisale. Vomelani, funani amene angakuphunzitseni, ndipo akakukanani kawili pitaninso kachitatu. Osataya mtima.