Mtsinje Umene Ndinaufufuta

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, tikukhala kunja kwa dziko lathu, ku Whitmore Reans, m'nyumba zogundana zija. Mayi anali atangomaliza maphunziro a zamadzi ku yunivesite, ndipo m'mawa uliwonse ankakwera basi kupita kuntchito ku Oldbury.

Kusukulu anatipatsa homuweki yojambula mtsinje umodzi wa ku North America. Ine ndinasankha Souris, chifukwa m'buku la mapu la mayi unkaoneka ngati mbedza. Umayambira m'zigwa za udzu za ku Canada, n'kutsikira ku America, kenako n'kukhota kubwereranso ku Canada. Ndinajambula ndi timitsinje tothira m'menemo, ndipo dera lonse limene mvula yake imathera mu Souris ndinalipaka chikasu.

Aphunzitsi anagogoda ndi cholembera pokhota paja. Anati ndalakwitsa pokopera, mtsinje ukatsikira kum'mwera subwereranso kumpoto. Anzanga anaseka. Ndinatenga labala n'kufufuta mpaka pepala linapyapyala, mtsinje ndinauwongola kuti uthere ku America. Aphunzitsi anachonga.

Madzulo mayi anapeza pepalalo akutsuka bokosi langa la chakudya. Anavala magalasi.

"Mwanawe, Souris wapita kuti?"

"Miss said it was wrong," ndinayankha.

"Sindikufunsa za a Miss. Iweyo m'bukumu unaona chiyani?"

Ndinati ndinaona ukubwerera. Sanakweze mawu. Anatsegula mpopi wa pasinki n'kupendeketsa thireyi, madzi n'kuyenderera chakukhoma. Anati madzi sadziwa kumpoto, sadziwa malire a dziko, amangofuna kotsika. Kenako anazimitsa TV n'kundiuza kuti ndijambulenso, mawa ndikapereke ndekha. Iwo sadzalembera aphunzitsi kalata iliyonse.

Ndinapita nalo pepala latsopanolo, buku la mapu lolemera lija lili m'chikwama. Ndinadikira anzanga atuluke, n'kutsegula bukulo patebulo la aphunzitsi. Aphunzitsi analondola mtsinjewo ndi chala kuchokera ku Saskatchewan mpaka ku Manitoba, zigawo zonse ziwiri za ku Canada. Anangoti "Oh," n'kuchonganso. Sanapepese, ndipo m'kalasi sanazitchulenso. Anzanga amene anaseka aja sanadziwe kanthu.

Nthawi imeneyo ndinkaona ngati mayi andilanga pa mlandu wa munthu wina. Lero ndikudziwa kuti aphunzitsi anangolakwitsa, monga amalakwitsira aliyense. Amene ankadziwa zoona m'kalasimo ndinali ine ndekha, ndipo ndi ine amene ndinanama.