Penti ya bambo pa katebulo ka ku France

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene katebulo kaja kanalowa m'nyumba mwathu ku Thamesmead, kudziko la azungu. Mayi anga ankasamalira gogo wina wachizungu ku Greenwich, Gogo Margaret, ndipo ndi iwo anawapatsa. Kanali kakalekale, ka ku France, miyendo yopindika ngati ya mbuzi, pamwamba pozilala, m'mbali timabowo tofumbwa.

Bambo anakulira pafamu ku Zimbabwe, kumene chinthu chikakalamba umachipaka penti alendo asanafike. Atamva kuti gogo abwera Lamulungu kudzaona kumene katebulo kawo kakukhala, Loweruka anangodikira kuti mayi akwere basi. Anatenga penti yabuluu yotsala pachitseko n'kukapaka konse, uku akuimba nyimbo ya kutchalitchi. Ine ndinkawagwirira chitini, tonse tikunyadira.

Mayi atalowa anagwira m'mutu. "Mayo ine! Bambo a Tadala, mwandipha! Azungu chimene amakonda ndi ukale womwewo. Ndiwayang'ana bwanji gogo aja?" Ankaopa kuti gogo aona ngati tanyoza mphatso yawo, ubwenzi n'kuthera pomwepo.

Lamulungu mayi anakafunditsa nsalu yofika pansi n'kuikapo maluwa apulasitiki. Ine anandikhazika pambali kuti ndizipanikiza nsaluyo ndi bondo. Koma fungo la penti, abale, silifunditsika! Gogo ananunkhiza, n'kukweza nsalu ija ndi ndodo yawo. Bambo anayamba kuyang'ana kudenga.

Mwadzidzidzi gogo anaphulika kuseka mpaka misozi. Anatiuza kuti katebuloko kanali ka apongozi awo, mayi wovuta amene sankalola munthu kuikapo ngakhale kapu. "Chikwatiwire ndakhala ndikukaopa," anatero, n'kuikapo kapu yawo ya tiyi popanda sosala. Mtima wa mayi unakhala pansi. Bambo anakonza kolala ngati apambana mpikisano, koma mayi anawaponyera diso lija, ndipo chitini chija sichinaonekenso.

Lero ndikudziwa kuti mayi ankanena zoona: zinthu zina kukongola kwake ndi ukalamba, ndipo usanakonze cha mwini uzifunsa. Ndikudziwanso kuti chinthu chimene aliyense amachiopa sichinakhale cha pakhomo. Katebuloko kali kwanga tsopano. Wokonza mipando yakale anandiuza kuti pentiyo itha kuchoka, ine ndinakana. Ndichotse bwanji dzanja la bambo anga? Ana anga amaikapo makapu mmene afunira.