Dzanja Limene Ndinaligwira ku Al Quoz

Chaka chachiwiri cha korona ndinali mlonda pa nyumba ina yoonetseramo zaluso ku Al Quoz, dera la mumzinda wina wa kutsidya kwa nyanja. Ntchito yanga inali kuyeza anthu kutentha pakhomo ndi kuonetsetsa kuti pasapezeke wokhudza chilichonse.

M'nyumba za kampani ndinkagona chipinda chimodzi ndi mnzanga wa ku Kasungu, wokolopa m'hotela. Shuga anali atamudya maso. Ankangoona zithunzithunzi, ndipo kampani inali itamugulira kale tikiti yobwerera kumudzi.

Malamulo atafewako, Lachisanu ankapita ku Discovery Gardens, kumene olumala angapo a ku Afirika kuno ankakumana kwa mayi wina wa ku Zambia woyenda pa njinga ya olumala. Mnzangayo ankaumba mitu ya anthu ndi dongo. Mayiwo anavutitsa mabwana anga miyezi yambiri kuti ntchito za gululo zionetsedwe. Ankati ife akuda timalowa m'nyumba zoterezi titanyamula tsache, ndipo wolumala salowa n'komwe. Mabwana anavomera. Pempho loti osaona aziloledwa kukhudza zoumbazo analikana chifukwa cha matenda.

Mutu umene mnzanga ankaukonda unali wa malemu bambo ake. Unatengedwa kukaotchedwa, ndipo kuchokera kumotoko unabwera molunjika kwa ife. Iye ankafuna kudziwa ngati moto sunaung'ambe. Ndinamuuza kuti unali bwino. Anaseka, n'kunena kuti maso a mlonda amaona wakuba, mng'alu sauona.

Anabwera tsiku lotsegulira chionetserocho, ndege yake ili mawa lake. Mayi aja anamutsogolera, iye atagwira kumbuyo kwa njinga yawo, mpaka pamutupo. Ndinaona dzanja lake likukwera. Bwana wanga anali chapafupi, akuyang'ana ine. Ndinamugwira pamkono.

"Achimwene," anatero chapansipansi, "awa ndi bambo anga. Ndinawaumba ndine."

Sindinamusiye. Mayi aja anakangana ndi bwana m'Chingerezi, mpaka bwanayo anati khalas, ndiye kuti basi, akhudze koma atavala magolovesi. Ndinamuveka awiri a mphira. Anayendetsa zala pamphumi, pamphuno, n'kuima. Anati sakumva kanthu, dongo ndi mphira zonse n'zimodzi. Anawavula bwinobwino, n'kundibwezera m'manja, n'kupempha mayi aja kuti amutulutse.

M'mawa ndinamunyamulira chikwama mpaka pabasi. Tinakamba za mtengo wa feteleza.

Mutuwo unakhala pamenepo milungu isanu ndi umodzi, ine nditaima pambali pake. Mlungu wachiwiri, dzuwa litalowera pazenera la kudenga, ndinaona kamng'alu kuseri kwa khutu lamanzere, kopyapyala ngati ulusi. Zala za mnzanga zikanakapeza nthawi yomweyo.

Amandiimbira foni mwa apo ndi apo, mwana wake akamusindikizira nambala. Za mutuwo sanandifunsenso, ndipo ine za khutulo sindinamuuze.